Ulemu umene unasiya apongozi pachitunda

Anthu ondidziwa kuno ku Liwonde amati ndine munthu waulemu, ndipo sanama. Ine ndimavula chipewa ngakhale polankhula pa foni ndi munthu wamkulu. Koma ulemu womwewu unatsala pang'ono kundiphera apongozi anga, ndipo popeza eni akewo nkhaniyi anaifalitsa kale ku Chikweo konse mpaka kutchalitchi, ndaona kuti bola ndikuuzeni ndekha isanakupezeni itathiridwa tsabola.

Mkazi wanga Felesita kwawo ndi ku Chikweo, m'banja la Chilomwe limene makolo ake anachokera ku Mozambiki. Kwawoko mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sakhala pamphasa imodzi. Mukakumana m'kanjira, mmodzi amapatukira m'munda wa chinangwa mpaka mnzake adutse. Ine kwathu ndi ku Phalula, m'mbali mwa msewu waukulu, kumene manyazi otere anayamba kale kuchepa, koma nditakwatira ndinaugwira mwambowu kuposa eni ake. Zaka zonse za banja lathu nkhope ya apongozi ndinali ndisanaione bwinobwino. Ndinkawadziwa ndi mapazi, zitenje ndi katsokomoledwe. Tikafuna kulankhulana, mawu ankadzera kwa mlamu wanga Esitere, mkulu wake wa Felesita, ngakhale titakhala pafupi moti tikumvana kupuma.

Mphatso ya mwana inatichedwa. Tinadikira zaka, ndipo apongozi anadikira nafe, akupemphera, akusala kudya, akutitumizira mizu imene Felesita ankalandira ndi manja awiri n'kukaitaya kudzala. Ndiye mwana wamkazi atabadwa, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, uthenga unabwera tsiku lomwelo woti agogo akubwera kudzasamala chikuta, ndipo wokawatenga ndine. Esitere anawonjezera pa foni kuti amayi sabwera chimanjamanja. Panali matumba a chimanga, makaka, nandolo, kalongonda, dengu la nkhuku, ndi mtondo wawo ndi munsi womwe, poti akuti mphale yokonola kuchigayo imanunkha dizilo.

Galimoto yanga ndi yaing'ono, yogula kwa munthu. Kumbuyo kwake kuli kampira kachitsulo kamene mpaka nthawi imeneyo ntchito yake inali kundipweteka msongolo ndikamatsitsa katundu. Ndinapita kwa mnzanga Che Saidi, amene amachita malonda a mpunga, kukabwereka kalavani yake.

Che Saidi sabwereketsa chinthu popanda sukulu. Anandiimika padzuwa n'kuyamba kundionetsa chimodzichimodzi. Kutsogolo kwa kalavani kuli mkono wachitsulo, ndipo kumapeto kwa mkonowo kuli chikamwa chimene chimameza kampira kaja, chokhala ndi handulo pamwamba. Pambali pali katayala kopukusa, kokwezera ndi kutsitsira mkonowo. Palinso tcheni chokoleka kunsi kwa galimoto, pulagi ya magetsi, handibuleki ya kalavaniyo, ndi kawaya kofiira kopyapyala kooneka ngati kopanda ntchito.

"Achimwene," anatero, "chikamwachi chikameza bwino chimalira, handulo n'kugwa yokha. Koma khutu limanama. Mugwade, muone ndi maso kuti mpira walowa wonse, kenako mupukuse katayalaka ngati mukufuna kuchotsa. Galimoto ikayamba kunyamuka matako, ndiye kuti chagwira."

Za kawaya kofiira anati n'ka tsiku loipa. Kalavani ikachoka pampira, tcheni n'kulephera, kawayako kamakoka handibuleki, matayala n'kumangika, kenako kamaduka kokha. Anandionetsa kabowo ka pachitsulo cha galimoto kokolekapo, n'kundiletsa kungokakulunga pampira, poti chothawitsa chikamwa chimathawitsanso kawayako. Anatinso katundu wolemera azikhala pakati, chakutsogolo pang'ono, kuti mkono uzikanikiza mpira. Ine ndinkangoti eya, eya, khutu lina lili pa foni, kulandira mafuno abwino a anthu a ku Phalula. (Bambo watsopano amayenda ngati wabereka ndi iye, ndipo ine ndinali wotero ndithu.)

Titalumikiza pulagi, Che Saidi anaima kumbuyo n'kundiuza kuti ndiyatse indiketa yakumanzere. Kalavani inaphethira kumanja. Nditayatsa yakumanja, inaphethira kumanzere. Anamasula soketi ya galimoto yanga n'kupeza kuti mwini wake wakale anasinthanitsa mawaya. Anawabweza akung'ung'udza m'Chiyao, n'kundiuza kuti wachikasu ndi wakumanzere, wobiriwira wakumanja, wofiira wa mabuleki, ndipo woyera ndi wobweza moto, umene ukamasuka magetsi onse amapenga. Zonse anamanga yekha, moti ulendo wopita ku Chikweo kalavani inanditsata bwinobwino osalira n'komwe.

Kwa apongozi kanjira n'kopapatiza, chinangwa uku ndi uku, ndiye sindikanatha kutembenuka ndi kalavani. Ndinaimasula, azibambo apamudzi anaitembenuza ndi manja n'kuyamba kupakira. Ine anandikhazika pakhonde la Esitere ndi chikho cha thobwa, choncho kapakiridwe sindinakaone. Mtondo ndi matumba olemera anaziika kumbuyo kwenikweni kuti kutsogolo kutsale malo.

Malowo anali a ndani, ndinadziwa posakhalitsa. Ndinapempha Esitere kuti auze amayi zoti mpando wakumbuyo m'galimoto ndaupukuta. Apongozi anali kuseri kwa nkhokwe, pafupi moti ndinkaona zidendene zawo. Anayankha m'Chilomwe, Esitere n'kutembenukira kwa ine.

"Akuti iyayi, alamu. Akuti m'galimotomo muli galasi loyang'ana kumbuyo."

"Auzeni kuti galasilo ndiliphimba ndi mpango."

Mawu anabweranso kuchokera kunkhokwe.

"Akuti nanga akagona n'kuyamba kuliza mkonono inu mukumva?"

Ndinayesa kunena kuti kalavani si yokwera anthu. Yankho linali loti iwo anakwerapo ngolo ya ng'ombe, thirakitala ndi lole ya thonje, ndiye kangolo ka matayala a mphira sikangawaopse. Pomaliza tinagwirizana zoti akwere m'kalavani mpaka pamene msewu wafumbi umagwera m'tala, pamenepo ndikawakweze minibasi ya ku Liwonde, ine nditsate ndi katundu. Ndinadziwa kuti si nzeru. Koma mkamwini kulimbana ndi apongozi pamaso pa mudzi wonse n'kovuta, ndipo anthu opakira anali atayamba kale kundiyang'ana cham'mbali.

Pamene ndinkabweza galimoto kuti ndimange, apongozi anali atakwera kale. Anachita kukankhidwa ndi amayi anzawo kuti afike pamwamba, ndipo anakhala pathumba lakutsogolo kwenikweni, ambulera m'manja, mapazi atapondera pamkono wa kalavani pafupi ndi handulo. Kuti ndichite zimene Che Saidi anandiphunzitsa, ndinayenera kugwada mutu wanga uli pamapazi awo. Kuwatsitsa kukanafuna amayi aja abwerenso, ndi uthenga wina wodzera kwa Esitere. Ndiye ndinachita zimene mkamwini aliyense woleredwa bwino akanachita. Ndinatembenuzira nkhope kumunda wa chinangwa, n'kutambasulira dzanja kumbuyo, n'kuyamba kumanga kalavani mopapasa.

Ndinapukusa katayala mpaka ndinamva chitsulo chagunda chinzake kuti kho. Ndinati basi chameza. Zoti handulo inali idakali m'mwamba, ndipo chikamwa chinangokhala pampira ngati chipewa chosamangirira, dzanja silinandiuze. Pulagi ndinailowetsa mopapasa momwemo. Tcheni ndinachisiya chili chokulunga pamkono, poti kuchikoleka kunafuna kulowetsa mutu kunsi. Kawaya kofiira kokha ndi kamene ndinakoleka pakabowo kake, ndipo musaganize kuti inali nzeru. Kankalendewera, ndiye ndinaopa kuti kakakhukhuzika pansi Che Saidi akandinena. Handibuleki anamasula ndi Esitere, chifukwa inali pafupi ndi bondo la amayi.

Nditangoliza galimoto ndinayang'ana pagalasi lam'kati mwachizolowezi, ndipo maso anga anakumana ndi maso a apongozi. Tonse tinadzidzimuka. Iwo anatsitsira ambulera kumaso, ine ndinapotoza galasilo kuti liziona denga. Am'mbali nawonso ndinawaweramitsa mpaka ankangoonetsa dothi. Ndinanyamuka mtima uli m'malo, Esitere akutsanzika ndi manja onse, ine ndikudziyamikira kuti makolo anga sanataye nthawi pondilera.

Ndinkayenda pang'onopang'ono, kuzemba maenje, ndipo kwa nthawi ndithu zonse zinali bwino. (Ndinadziwa pambuyo pake kuti chimene chinkagwira kalavani pampira chinali thupi la apongozi basi. Malinga akhale kutsogolo, mkono unkakanikiza pansi.) Kenako tinatsetsereka kukawoloka kamtsinje kena, pakamlatho kopanda zotchinga m'mbali, pansi pake miyala yokhayokha poti madzi anali ataphwa. Kutsidya kuli chitunda chachitali. Galimoto inayamba kubuula, ine ndikuilimbikitsa ndi mawu okoma. Chapakati pa chitundacho ndinamva kuti thwa kumbuyo, ndinati ndi mwala wagunda kunsi. Pomwepo galimoto inapepuka n'kumaliza chitunda ngati yamwa mankhwala. Ndinasisita chiwongolero, n'kuilonjeza kuti sindidzaigulitsa.

Kuyambira pamenepo anthu anayamba kundikonda. Amayi a pamjigo anakweza manja, ine ndinakwezanso langa. Bambo wina amene ankafolera nyumba anakuwa akuloza, ndinamuimbira hutala. Ndinaganiza kuti nkhani ya mwana yafika kale kuno. Wakabaza wina ananditsata akupalasa choimirira, ndipo ndinatulutsa dzanja kumuuza kuti pepani achimwene, tadzaza.

Nditafika pamsika pamene fumbi limathera, ndinaima pamthunzi. Ndinaganiza kuti amayi auma kukhosi, ndiye ndinatuluka osacheuka, kukagula botolo la chakumwa chozizira ndi mabanzi. Pobwerera ndinaweramitsa mutu monga mwa mwambo, maso pansapato zanga. Ndinayenda cham'mbali motsata galimoto, kufika kumbuyo kwake, kuwonjezera mapazi pang'ono, n'kugwada pamiyala yotentha, botolo m'manja awiri.

"Amayi, kotsitsira fumbi aka."

Sanayankhe, koma zimenezo sizinandidabwitse, chifukwa chikwatirireni anali asanandiyankhepo. Ndinadikira kuti dzanja libwere lidzatenge. Mawondo anayamba kupsa. Ndinamva makina a telala wa pakhonde lapafupi asiya kulira, ndipo azibambo a bawo nawo anasiya kusewera.

"Pepani bambo," anatero telalayo, "mukupereka kwa ndani?"

Ndinakweza maso pang'onopang'ono, ndikuyembekezera kuona tayala la kalavani. Ndinaona msewu, galu atagona, ndi mzere wa anthu akundiyang'ana. Nditacheuka, kumbuyo kwa galimoto kunali kampira kaja kokha, kakunyezimira padzuwa, ndi kachidutswa ka waya wofiira kakulendewera pakabowo.

Ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Botolo lija sindidziwa kuti linathera kuti. Ndinatembenuza galimoto, kubweza magalasi onse m'malo mwake (mochedwa, ndikudziwa), n'kuthamanga njira yomwe ndinadzera. M'mutu munali Felesita yekha, atakhala pabedi ndi khanda, khutu lili kumsewu kudikira mayi ake. Ndikamuuza kuti chiyani? Kuti mayi amene anadikira mdzukulu zaka zonsezi afera panjira chifukwa ine ndinachita manyazi kuyang'ana chitsulo? Ndinapemphera mokweza, pemphero lopanda mutu, ndipo m'kati mwake mawu a Che Saidi anandibwerera, oti kawayako kamaduka katamaliza ntchito yake. Ndinakakamira mawu amenewo njira yonse.

Ndinakumana ndi wakabaza uja atakhala m'mbali mwa msewu, thukuta lili kamukamu. Sananditukwane, ngakhale akanatero sakanalakwa. Anangoloza kumene ndinkapita n'kunena kuti kumlatho.

Nditafika pamwamba pa chitunda ndinaona khamu la anthu kumunsi. Kalavani inali itaima chopingasa, mkono uli m'mwamba, matako pansi, tayala limodzi lili pafupi ndi phompho la m'mbali mwa mlatho moti munthu sakanadutsa pakati. M'dothi munali mizere iwiri yakuya pamene matayala omangika anakwekwereza asanaime. Anthu anali ataika kale miyala kumatayala. Mtondo wokha ndi umene unapitiriza ulendo. Unali pansi pamiyala ya mumtsinje, utang'ambika pakati.

M'kalavanimo apongozi munalibe, ndipo ndinatsika galimoto isanaime bwino. Mayi wina anandigwira mkono n'kundilozera pansi pa mtengo wa mango. Anali pamenepo, atakhala pachitenje, duku litapendekeka, chigongono chitasupuka, akumwa madzi m'kapu ya eni mudzi, dengu la nkhuku lili pambali. Ndinaiwala mwambo wonse n'kuwayang'ana kumaso. Anali Felesita yemweyo atakalamba, mpaka kampata ka mano. Ndinakhala pansi pamsewu, m'fumbi momwemo, misozi ikungotuluka yokha. Mtima wanga sunakhalepo pansi chomwecho, ngakhale tsiku limene namwino anandiuza kuti mayi ndi mwana ali bwino.

Apongozi anayang'ana uku ndi uku, kufuna munthu wodzeramo mawu. Mayi wa kapu uja anadzipereka, koma iwo anamuletsa ndi dzanja.

"Akamwini, senderani kuno."

Mawu awo ndinkawadziwa, koma atalunjika kwa ine anamveka achilendo. Ndinasendera ndi mawondo. Anandifotokozera kuti pamlatho paja mphepo inatembenuza ambulera, ndipo anapezeka akuyang'ana nkhongo yanga pazenera lakumbuyo la galimoto popanda chotchinga. Anaona kuti si bwino, ndiye pachitunda anakwawa pamwamba pa matumba kukabisala kumbuyo, pafupi ndi mtondo. Atangofika kumeneko mkono unadzuka, galimoto n'kumapita yokha. Handibuleki ija inanyamuka ndi phokoso popanda woigwira, koma chifukwa cha kutsetsereka kalavani inabwererabe cham'mbuyo ikukwekwereza matayala, iwo akuona mlatho ukuyandikira, mpaka inaima pamene inaimapo.

"Ndiye wolakwa ndine," anatero. "Ndinasuntha."

"Iyayi amayi, ndine. Pomanga paja sindinayang'ane."

"Simunayang'ane chifukwa chiyani?"

"Munali pomwepo, amayi."

Anayang'ana mtondo wawo pansi paja. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ankaseka, kuseka kosatulutsa mawu, misozi ili mbwembwembwe. Anthu nawo anamasuka n'kuyamba kuseka.

"Ndikanafa ndi manyazi mdzukulu wanga ndisanamunyamule," anatero akupukuta m'maso. "Anthu inu, tawapatsani nkhuku imodzi akamwini angawa."

Kwawoko manyazi a mkamwini ndi apongozi akamatha pamakhala tsiku lake, ndi akuluakulu, thobwa ndi nkhuku yophika. Ife zathu zinachitikira m'mbali mwa msewu, mboni zili anthu osatidziwa, nkhuku ili yamoyo ndiponso yokwiya. Ndinailandira ndi manja awiri, ndipo inandijompha chala.

Azibambo anandithandiza kutsitsa matumba, kukankhira kalavani pamalo abwino ndi kupakiranso, zolemera pakati. Ndinaimbira Che Saidi n'kumuuza zimene zinachitika. Funso lake loyamba linali loti munthu ali bwanji, ndipo nditamuuza anangoti Alihamudulila, kalavani ndi chitsulo chabe. Anati kawaya ali nako kena, ine ndikoleke tcheni n'kuyenda ngati wanyamula mazira. Kenako anafunsa kuti munthuyo ankatani m'kalavani, ndipo pamenepo netiweki inayamba kundivuta kwambiri.

Ulendo uno pomanga ndinagwada, tsaya pafupi ndi chitsulo, apongozi ataima pamutu panga manja m'chiuno. Ndinakweza handulo, chikamwa chinameza mpira wonse n'kulira kuti kha, handulo n'kugwa yokha. Kulira kwake kunali kosiyana kwambiri ndi kho uja. Ndinapukusa katayala mpaka galimoto inanyamuka matako. Apongozi anati ndibwerezenso, ndipo ndinabwereza. Ndinakoleka tcheni, iwo n'kuchikoka ndi dzanja lawo kuti atsimikize. Atakhutira anazungulira galimoto, kutsegula okha chitseko chakutsogolo, n'kukhala.

Pulagi inali itazuka pamene kalavani inathawa, mawaya ali panja ngati ndevu za chimanga. Tinakaikonzera pakhonde la telala uja, amene anandibwereka chomasulira cha makina ake osandifunsa kalikonse, ngakhale ndinkaona kuti akudziluma mlomo. (Mafunso anakafunsa kwa apongozi, ndipo posinthana iye anawafotokozera za kugwada kwanga konse, mpaka kuwaonetsa malo ake.) Che Saidi ankatchula mitundu pa foni, ine ndikumanga, wachikasu apa, wobiriwira apo, woyera osauiwala. Woona magetsi kumbuyo anali apongozi. Ndikayatsa indiketa ankakuwa kuti lakumanzere, ndikaponda buleki ankati onse ofiira, msika wonse ukumvetsera. Za minibasi palibe anazitchulanso.

Mawu onse amene anasunga m'zaka za manyazi anawatulutsa panjira ya ku Liwonde. Ndinamva kuti ndinali wowonda kwambiri tsiku la chinkhoswe moti anadandaula, kuti nsalu imene ndinawatumizira pa Khirisimasi inasuluka poichapa koyamba, kuti ndimapemphera mokokera. Ndinamvanso kuti tsiku lina ndinawakhazika m'munda wa chinangwa mpaka miyendo kuchita dzanzi, chifukwa ndinaima pakanjira kuyankha foni osadziwa kuti akundidikira ndidutse. Tikafika pachitunda chilichonse ankadula nkhani n'kundiuza kuti ndiyang'ane pagalasi ngati kalavani ilipo, ndipo ndinkayankha kuti ilipo amayi. Mkonono sanalize, chifukwa sanagone.

Tinafika dzuwa likupendeka. Felesita anali pazenera, ndipo ataona mayi ake akutsika kumpando wakutsogolo akundiuza poimika galimoto yanga yomwe, anatsegula pakamwa osatseka. Apongozi sanapereke moni wautali. Anapempha madzi, anasamba m'manja, anakhala pamphasa n'kutambasula mikono. Atalandira mwanayo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamuuza mawu ochepa m'Chilomwe. Ine sindinamve, koma Felesita anamva, ndipo maso ake anapita pachigongono chosupuka chija.

Ndinkayembekezera kuti mayi amene wangondipatsa nkhuku anditchinjiriza. Ananena zonse, kuyambira kumunda wa chinangwa mpaka kubotolo, akuchita kuonetsa ndi mutu mmene ndinaweramira. Felesita sanaseke ngakhale pang'ono. Anamvetsera mpaka kumapeto, anagwira dzanja la mayi ake, n'kundiyang'ana ine kamodzi. Tsiku limenelo sanandilankhule, ndipo mawa lake chimodzimodzi. Chakudya ndinkachipeza patebulo, chovundikira bwinobwino, popanda mawu.

Sindinadandaule n'komwe. Ndinakhala pakhonde, chala chotupa ndi mlomo wa nkhuku, ndikumvetsera agogo akuimbira mdzukulu wawo m'chipinda. Nyimboyo sindinkaimva tanthauzo, ndipo mawu awo si okoma kwenikweni, koma ndikanatha kumvetsera mpaka sabata kutha. Mwana atagona, agogowo anatuluka n'kudzakhala pakhonde lomwelo, pafupi nane.

"Musiyeni Felesita, akamwini," anatero. "Si mkwiyo, ndi mantha. Nanenso sanandichoke."

Felesita anandikhululukira ndithu, ngakhale anachita kutenga nthawi yake. Che Saidi anaika kawaya katsopano, ndipo kalavani amandibwerekabe, koma sukulu ija amaiyambiranso pachiyambi ulendo uliwonse, foni yanga ili m'thumba mwake. Munthu sindikwezamonso, ngakhale atandiuza kuti anakwerapo sitima ya katundu. Pomanga ndimagwada, nkhope pachitsulo penipeni, kaya pafupipo paima ndani.

Chimodzi chokha ndi chimene chikundikanikabe. Apongozi akabwera timadyera patebulo limodzi tsopano, ndipo ine mbamu imangondizungulira m'kamwa osatsika. Iwo amadya bwinobwino, akamaliza n'kukoka mbale yanga.